Mlandu wa Makina a Maliyamu

Likangala,
6 Meyi 2024

Achimwene Latifu,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Zombako pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno amayi ali bwino, kupatula bondo lija. Ine ndili moyo, koma bwino ayi.

Musadabwe kuti ndakulemberani kalata ngati munthu wakale. Foni yanga ili m'ndende. Loweruka masana a komiti yoteteza ana ya kuno anabwera kushopu, anthu asanu ndi mmodzi ndi wilibala, n'kunyamula mativi onse awiri, makina a magemu awiri ndi timapadi tonse togwira posewera. Potuluka, mmodzi anaona foni patebulo n'kufunsa ngati namonso muli gemu. Ine kupusa kwanga ndinavomera kuti muli kanjoka kaja kamadya timadontho. Basi, nayo inakwera wilibala.

Milandu yanga ndi itatu. Akuti magemu akuphunzitsa ana ndewu. Akuti pashopu pamachitika juga. Akutinso ana akujomba kusukulu chifukwa cha ine. Wachitatuwu ndi umene wandiwawa. Inu mukulidziwa lamulo limene ndinaika mu Januwale: mwana sagwira padi asanandionetse kope lokhala ndi deti la tsiku lomwelo, lochongedwa ndi cholembera chofiira cha aphunzitsi. M'mawa monse shopu imakhala yotseka mpaka ana ataweruka. Ndiye akamajomba akumasewera ndi chitseko?

Nkhaniyi ikakambidwa Lachinayi pa 23, pabwalo la sukulu, pamaso pa mayi wina wa kukhonsolo amene amaona za malaisensi. Ndikagonja, laisensi ilandidwa ndipo makina sabwerera. Makina amenewo ndi zaka zanga zinayi zoyanika matemba pa dzuwa la ku Kachulu. Fungo lake mpaka lero silinachoke m'zikhadabo. Kumeneko sindibwererako.

Anjomba Che Rashidi, mlongo wa amayi, analipo Loweruka, koma anaima patali pansi pa mtengo wa mango.

Inu munafika ku yunivesite ndi mpunga wa amayi. Nthawi yakwana yoti mpungawo ulankhule. Ndifufuzireni ngati lilipo lamulo loletsa magemu. Yankho mupatse kondakitala yemweyu wa minibasi ya Che Hussein.

Ine mlongo wanu,
Maliyamu


Zomba,
9 Meyi 2024

Chemwali Maliyamu,

Wa alaikum salaam. Tonse tili bwino, kupatula ine amene magazi akwera chiwerengereni kalata yako. Ndinaiwerengera m'chipinda cha aphunzitsi, ndipo ndinafuula mpaka mnzanga wa Jogalafe anadzitayira tiyi. Wilibala! Dziko lino lili ndi makhoti, apolisi ndi malamulo osindikizidwa bwinobwino, koma kwathu chilungamo chikuyenda pa tayala limodzi.

Ndafufuza masiku awiri. Lamulo loletsa mwana kumenya mpira wa pa tivi sindinalipeze. Chimene ndapeza n'chakuti mkanganowu ndi wa dziko lonse. Kunjaku anthu akhala akukokanakokana mpaka m'makhoti, kufuna kudziwa ngati magemu a mfuti amasandutsa ana zigawenga. Akatswiri alemba mabuku olemera ngati njerwa, osagwirizana mpaka lero. Tsono komiti ya kwathu yathetsa funso lonseli Loweruka limodzi masana, isanadye n'komwe. Anthu otere tikuwawononga kumudzi, tiwatumize ku yunivesite akaphunzitse.

Za ndewu: ine ndi Anthony, mwana wa oyandikana nafe aja, tinagululana mano tikulimbirana mpira wachikulunga, tivi tisanaionepo ndi maso. Tinaphunzira kwa ndani? Za juga: ena mwa amene akukuimba mlanduwo si omwe aja amaswera pa bawo mpaka dzuwa kupendeka? Bawo si gemu? Kapena gemu imasanduka tchimo ikayamba kufuna batire?

Ndakulembera masamba anayi a mfundo, ali mu envelopu momwemu. Ukawawerenge pabwalo mokweza, osathamanga. Mawu a Chingerezi ndawalemba mzere kunsi kuti uwatchule mwamphamvu. Anthu amalemekeza chimene sakuchimva.

Koma mfundo zokha sizikwana, pamafunikanso ndale. Anjomba anaima patali chifukwa cha manyazi, ine ndimawadziwa. Munthu wamkulu sangakangane ndi anzake pamaso pa mwana wa mlongo wake. Ndawalembera kuti akulankhulire mwakachetechete. Ndawakumbutsanso za lamulo lako la makope, kuti aone kusamala kwako.

Kubwera sindingathe, a Fomu 4 ali pa mayeso oyeserera. Amayi uwauze kuti bondo silichira ndi kuyenda m'matope.

Mchimwene wako,
Latifu


Likangala,
12 Meyi 2024

Kwa aphunzitsi Latifu, mwana wa mlongo wanga,

Assalamu alaikum. Kalata yanu ndalandira. Ndinaiwerenga kawiri, chifukwa mawu ena ndi aatali kuposa mzere wa mpunga. Tithokoze Mulungu kuti sukulu sinapite pachabe.

Kuno tili bwino. Mpunga wafika pa mkaka, njere zikadali zofewa, ndiye mukudziwa kuti ino ndi nthawi ya mpheta. Chaka chino zabwera ngati utsi. Mawu anga asasa ndi kukuwa.

Za mlongo wanu musade nkhawa. Nkhani ya m'banja siyenera kupita pabwalo. Ndalankhula ndi a komiti, ndipo ndi anthu akumva. Katundu yense angathe kubwerera mawa lomwe, ndi foni yomwe, popanda msonkhano. Apempha kanthu kamodzi kakang'ono: achotse zija zoonetsa makope. Iye si hedimasitala. Mwana akabwera madzulo azisewera, osamufunsa kumene waswera. Kumene mwana waswera ndi nkhani ya makolo ake.

Mumuuze ndinu, amakumverani. Ife akamatiyankha amakhala ngati akutsatsa nsomba.

Mukadzabwera mudzanditengere matepi akale a kaseti ngati akupezekabe m'taunimo. Timawamanga m'munda, akamanyezimira ndi dzuwa mbalame zimaopako pang'ono.

Ine mjomba wanu,
Rashidi


Zomba,
14 Meyi 2024

Maliyamu,

Moni, tili bwino. Vina. Mlandu watha, ndipo wauthetsa ndi mchimwene wako, ndi kalata imodzi, osadzuka pampando.

Anjomba achita zazikulu. Makina onse abwerera popanda bwalo, bola uchotse lamulo la makope. Ndaganizira, ndipo ndaona pamene pagona nkhani: akuluakulu anakhumudwa kuti mwana wa dzulodzuloli, wa kashopu ka magemu, wasanduka woyendera masukulu. Ndi kunyada chabe. Apatse kanthu kakang'onoko, iwe utenge katundu wako.

Masamba anayi aja usataye. Ndi abwino kwambiri, tsiku lina adzafunika.

Foni ikatuluka m'ndende, woyamba kumuimbira ndikhale ine. Ndikufuna kumva kuthokoza ndi makutu angawa.

Latifu


Likangala,
17 Meyi 2024

Achimwene,

Assalamu alaikum. Muli bwanji? Ndikufunsa chifukwa sabata yatha muli zii. Kapena a Fomu 4 akulemba mayeso pa dzanja lanu?

Masamba anayi aja ndinawerenga. Ndinawerengeranso amayi, anagona pa tsamba lachiwiri. Ndi abwino ndithu, koma akuyankha funso limene kuno palibe akufunsa.

Lachitatu, poti ndilibe chochita, ndinapita kumunda kukathandiza amayi. Mukumukumbukira Meyi wa ubwana wathu? Nsanja iliyonse mwana pamwamba, chingwe cha zitini m'manja, kukuwa kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa pamutu. Sukulu tinkaionanso mu Juni. Inuyo munabwereza Sitandade 5 chifukwa cha mpheta, ngakhale masiku ano mumauza alamu kuti munadwala. Tsono Lachitatu ndinayenda m'mbali mwa ngalande monse, sindinaone mwana ndi mmodzi yemwe. Pa nsanja pali nkhalamba. Agogo ena amakoka chingwe atakhala pansi, mbalame zikudya pafupi ndi mapazi awo.

Pobwerera ndinadzera kwa mnzanga Emma, uja amaphunzitsa Sitandade 6. Ananditsegulira kaundula wa kalasi yake. Meyi wa chaka chatha, theka la ana kunalibe. Meyi uno mabenchi achepa, ena akukhala pansi. Akuti amamuthamangira ndi makope belu lisanalire, "Madamu, chongani, chongani!" Mwana akatumidwa kumunda akumazemba n'kupita kusukulu. Kuzemba kupita kusukulu, achimwene! Munazimvapo?

Ndiye mlandu wanga si wakuti ana akujomba. Mlandu wanga ndi wakuti asiya kujomba.

Pali chinanso. Emma anaiona kalata ya madandaulo imene inapita kukhonsolo, chifukwa a komiti anayamba kuibweretsa kusukulu kuti aphunzitsi aakulu asainire, iwo n'kukana. Dzina loyamba pamwamba penipeni ndi la anjomba Che Rashidi. Aja anaima patali chifukwa cha manyazi aja. Aja munawalembera kalata yowapempha thandizo aja.

Ndiyankheni, masiku atsala asanu ndi limodzi.

Maliyamu


Likangala,
20 Meyi 2024

Achimwene,

Moni. Kalata yanu ya pa 14 yafika lero. Minibasi ya Che Hussein inathyoka sipuling'i, ndipo kalatayo yagona masiku onsewa pansi pa mpando pamodzi ndi thumba la matemba. Fungo lake likugwirizana ndi zimene zalembedwamo.

Ndivine? Ndichotse lamulo la makope kuti m'mawa ana aziswera pa nsanja, madzulo pashopu panga, m'kalasi muzigona mbuzi? Ndiye chaka chamawa komiti yomweyo idzabwerenso kudzanena kuti ana akujomba, ulendo umenewo ikunena zoona, umboni wake ndili ine?

Musaganize kuti ndikulemba ndikuseka. Dzulo anjomba anabwera kwa amayi. Sanakalipe, mukuwadziwa. Anamwa tiyi, anafunsa za bondo, kenako anangowakumbutsa kuti minda ya mbumba amagawa ndi iwo, ndipo mwana amene achititsa manyazi mjomba wake pabwalo asadzabwere kudzafunsa polima. Atapita, amayi analira. Mpunga wawo nawonso ukudyedwa. Anandifunsa kuti, "Maliyamu, ana a eni akaphunzira, ife tidya makope?" Ndinasowa chowayankha, ndipo mpaka pano ndilibe.

Koma Lachinayi ndikupita. Makina anga anatuluka masana anthu akuona, abwereranso masana anthu akuona, osati kudzera kuseri kwa nyumba. Ngati muli ndi nzeru ina yosanunkha, tumizani ndi minibasi yamoyo.

Maliyamu


Zomba,
21 Meyi 2024

Chemwali,

Wa alaikum salaam. Makalata ako awiri afika pamodzi, ndipo ndawawerenga nditaimirira, chifukwa chitsiru sichiyenera mpando.

Zaka zinayi pa yunivesite, digiri ya mbiri yakale, n'kugwetsedwa ndi mkulu amene m'kalata yomweyo anandipempha matepi oopsezera mbalame! Anandiuza zonse: mkaka, mpheta, mawu osasa. Anangotsala kujambula chithunzi. Ine ndinali kalikiliki ndi makhoti akunja. Ndakwiya kwambiri ndipo ndikusakasaka woti ndimuimbe mlandu, koma kulikonse kumene ndayang'ana ndikupezako ine ndemwe. Matepiwo ndinali nditawagula kale, tangoganiza.

Ndipo n'zoona, sindinadwale. Chaka chimenecho ndimachikumbukira bwino. Anzanga anapita Sitandade 6, ine n'kutsala ndi tiana, wamtali ngati mtengo wa magetsi pabenchi lakumbuyo. Anthony uja anabwereza nane, chaka chotsatira anasiyiratu. Lero amapalasa bwato la eni ku Kachulu, chikhalirecho masamu ankandiposa.

Tsono mvera, ulendo uno mwachidule. Masamba anayi aja kolezera moto. Usakateteze magemu, palibe amene akulimbana nawo. Anjomba usakawatchule dzina, uwasiyire khomo lotulukira. Gemu ya mfuti imene unali nayo pashopu ija ukaipereke wekha asanaipemphe, tiana tating'ono siitiyenera ndipo iwenso ukudziwa. Pempha Emma abwere ndi kaundula. Ukatero ufunse funso limodzi lokha: mwana amene akujombayo ndi uti?

Funso la amayi nanenso ndilibe yankho lake. Ndafufuza m'mabuku anga onse, palibe tsamba lonena za mpheta.

Limba mtima. Ndiyesetsa kubwera Loweruka.

Mchimwene wako wochita manyazi,
Latifu


Likangala,
29 Meyi 2024

Achimwene Latifu,

Assalamu alaikum. Amayi akupereka moni. Foni yatuluka, koma ndikulembabe kalata chifukwa mawu andithera ndi kukuwa. Ndikaimba mungomva mphepo.

Lachinayi anthu anadzaza bwalo la sukulu, ena anachokera ku Kachulu kudzangoonerera. Katundu wanga anamuyala patebulo kutsogolo ngati wa wakuba. Wapampando wa komiti anayamba ndi ndewu. Asanafike patali ndinanyamuka, ndinatola gemu ya mfuti patebulopo n'kuipereka kwa mayi wa kukhonsolo uja.

"Iyi ndavomera," ndinatero. "Ana asaionenso."

Wapampando anatembenuza mapepala ake uku ndi uku. Zikuoneka kuti mawu ambiri anakonzera gemu imeneyo.

Atafika pa juga, mayi uja anafunsa ngati alipo anaonapo anthu akubetcha pashopu panga. Palibe anaimika dzanja. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Juga ili pa bawo, funsani apampando!" Anthu anaseka mpaka aphunzitsi anasuzumira m'mawindo.

Kenako mlandu wachitatu. Ndinaimirira.

"Akuluakulu, ine ndili ndi funso limodzi. Mwana amene akujombayo ndi uti? Mungomutchula dzina, madamu ali ndi buku."

Wapampando anatchula mdzukulu wake. Emma anatsegula kaundula, chala chikutsika pang'onopang'ono.

"Halima? Sanajombepo chitsegulireni teremu."

Wapampando anatchula wina.

"Ameneyo ali m'kalasi panopa. Ndimuitane?"

Wachitatu chimodzimodzi. Mayi wa kukhonsolo anavula magalasi.

"Abambo, ine ndachoka ku Zomba mbandakucha pa msewu umene mukuudziwa. Ana ali kusukulu kapena kulibe?"

Kenako anjomba anaimirira. Dzina lawo sindinalitchule, anadzitchula okha.

"Mayi, ana ali kusukulu. Vuto lake ndi lomwelo." Mawu awo anali osasa moti anthu anachita kusendera. "Mpunga ukafika pa mkaka umafuna maso kuyambira m'mawa. Chiyambire makolo athu, maso amenewo ndi ana. Masabata anayi okha pa chaka. Chaka chino mwana wa mlongo wangayu watilanda ana ndi tivi, ndipo ine ndataya ndime yathunthu. Ana amenewa akaweruka akadya chiyani?"

Apa palibe anaseka. Achimwene, anjomba sananame.

Mayi uja anavalanso magalasi ake. Kenako anati njala ya anjomba waimva, koma mbalame si nkhani ya laisensi, ndipo iye sangatseke shopu pa mlandu wodzaza sukulu. Katundu abwezedwe tsiku lomwelo. Lamulo la makope likhale. Anauzanso a komiti kuti akadzafunanso katundu wa munthu adzayambe adzera kwa apolisi.

Shopu ndinatsegula Lachisanu anthu atatuluka kumzikiti. Ana anafola mpaka kumsewu. Padi imodzi yabwerera yosagwira bwino, ikumangothamangira kumanzere, koma ndikonzetsa.

Za polima anjomba sananenenso kanthu, komanso sananene kuti zatha. Chichokereni pabwalo moni anasiya kundipatsa. Ndikakumana nawo amayang'ana kumwamba ngati akuyembekeza mvula ya mu Meyi.

Funso la amayi lija ndikuliyankha ndi miyendo. M'mawa shopu imakhala yotseka kale, ndiye mbandakucha ndimakwera nsanja ya amayi, chingwe cha zitini m'manja, mpaka ana ataweruka. Azimayi awiri a pamsika atandiona ayamba kusinthana ndi amuna awo pokwera nsanja. Pa bawo m'mawa anthu achepa, koma musanene kuti ndaona. Zimene zadyedwa zadyedwa, mpunga wa chaka chino sudzaza nkhokwe. Wotsalawo tikolola.

Loweruka lapitali simunabwere. Likubwerali mubwere ndi chipewa ndi nsapato zosaopa matope. Nsanja ya kumunsi ilibe munthu, ndipo ntchitoyi munaiphunzira chaka chathunthu.

Mukudziwa kuti munda wa anjomba unachita malire ndi wa amayi. Ine ndikakuwa, mpheta zimadzuka n'kukatera kwa iwo. Iwo amakuwa ndi kamawu kawo kotsalako n'kuzibweza kwa ine. Dzulo zinapita n'kubwera kasanu ndi kawiri. Ulendo wotsatira ndinachedwa kukoka chingwe, mkono unali utalema. Ndinangomva anjomba kuchokera tsidya la ngalande, nkhope ataloza kwina:

"Iwe Maliyamu, ukugona? Zikudya!"

Ndi mawu awo oyamba kwa ine chichokereni pabwalo. Ndinawayankha ndi zitini.

Ine mlongo wanu,
Maliyamu